Bokosi Losalowa Fumbi

Lolemba, 6 Okutobala

Kompyuta ya kushopu yazima kawiri lero, ntchito ili mkati. Makina osemera zitsulo anangoima, chitsulo chili kukamwa. Achimwene anangotenga tsache.

Manja awo amanjenjemera tsopano. Kale ankasema chitsulo ndi maso ndi zala basi. Masiku ano amalemba miyeso pakompyuta, makina n'kumawasemera. Popanda iyo ntchito yawo yatha. Nesi, mwana wawo, ananeneratu: ikadzafa imeneyi shopu itsekedwa, iwo akakhala kwa iye. Akuti fumbi lawathera chifuwa.

Ine ndimabwera m'mawa uliwonse chimwalirireni alamu, akazi awo. Kuyankha foni, kuwiritsa tiyi, kulemba nkhani zanga patebulo lomwe ankakhalapo iwo.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mayi wa makompyuta anabwera. Atatsegula kompyutayo m'mbali anaseka. Mkati muli ngati ubweya, wakuda, wamafuta, wonyezimira. Akuti fumbi la muno si la kunyumba, ndi utuchi wa chitsulo, magetsi amayendamo.

Achimwene anali atagwira kale paipi ya kompresa. Muno chilichonse amachiuzira ndi imeneyo, ngakhale malaya ali m'thupi.

"Bambo, ikani pansi! Mpweya umenewo uli ndi madzi ndi oyilo."

Anaika. Iye anayeretsa ndi kaburashi. Kuofesi kompyuta singasamukire, chingwe cha makina n'chachifupi. Ndiye anati aipangire bokosi, likhale ndi mabowo, fani ndi sefa. Iwo ankangovomera ndi mutu. Atangotuluka mayiyo anati, "Bokosi la mabowo? Limenelo ndi dengu, chemwali."

Lachinayi, 9 Okutobala

Achimwene akudula, akupinda, akuwotcherera. Zimene dzanja likukana akuzimanga ndi zopanira. Ndawamva akuimba mluzu, koyamba chaka chino.

Tili ana anandipangira kachitini kosungiramo singano. Chivindikiro chake chinkatsika chokha pang'onopang'ono, n'kumalira ngati munthu akuusa moyo. Ndikadali nako, ndipo singano zake sizinachitepo dzimbiri. Moyo wawo wonse akhala akulimbana ndi mpata: pomwe tsitsi lingalowe, kwa iwo ndi manyazi.

Kansalu koluka komwe alamu ankafunditsa kompyuta poweruka akapinda bwinobwino, akaika m'dirowa. Akuti ntchito yake yatha.

Loweruka, 11 Okutobala

Bokosi latha. Lotuwa, losalala, chitseko chagalasi, labala kuzungulira konse. Pomwe padutsa chingwe amata ndi phula.

Anandiitana kuti ndidzaone mayeso. Anayatsa kandulo, n'kuika mkati, n'kutseka. Lawi linafupika, kufupika, kenako zii.

"Mwaona? Mpweya weniweniwo sukulowa. Nanga fumbi lidzera kuti?"

Ndinaomba m'manja. Zokamba za mayi uja ndinazikumbukira, koma nkhope yawo inali ya mnyamata wa kachitini uja.

Lolemba, 13 Okutobala

M'mawa kompyuta yayenda bwino m'bokosi. Masana fungo la pulasitiki wopserera. Bokosi losagwirika kutentha. Siikuyakanso. Mayi wa makompyuta waitenga, sanalonjeze kanthu. Anangoyang'ana bokosilo n'kuti, "Koma ndiye n'lokongola, bambo."

Lachiwiri, 14 Okutobala

Nesi anabwera ndi makatoni opindapinda, anawaimika kuseri kwa chitseko. Chipinda chawo wakonza kale kunyumba kwake. Makatani atsopano, mawindo sadzatsegulidwa chifukwa cha fumbi la mumsewu, pansi pa chitseko waikapo kansalu kotchinga.

"Adadi, ine ndikungofuna muzipuma mpweya wabwino."

"Ndamva, Anesi. Nanga ndizidzadzuka kudzatani?"

"Kupuma."

"Tsiku lonse?"

Achimwene anatsokomola, nthawi yaitali ndithu. Mwanayo sakunama, chifuwacho chilipo. Ndimachimva ndili kuofesi, makina akulira.

Pochoka Nesi anasisita bokosi lija. Anafunsa kuti bokosi labwino chonchi, kompyuta yaferanji?

"Ndinaitsekera bwino kwambiri," anatero achimwene.

Nesi anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana ketulo. Panja anandifunsa chapansipansi, "Azakhali, inu mukuti bwanji?" Ndinati sindikuti bwanji. Ndinangomuuza za kandulo.

Lachitatu, 15 Okutobala

Palibe uthenga. Asesa shopu yoyera kale. Tiyi sanamwe.

Lachinayi, 16 Okutobala

Yabwera. Chinapsa ndi kachipangizo kogawa magetsi. Wasinthamo, miyeso yawo yonse ilimo. Mayiyo wabweretsanso fani ndi sefa ngati siponji yakuda. Fani izikankhira mpweya mkati kudzera pasefa, wotentha uzitulukira pamwamba, fumbi lizisowa polowera. Sefayo izichapidwa Loweruka lililonse. Wajambula ndi choko pomwe mabowo akhale, ndipo wati kompyuta sailumikiza mpaka abooledwe.

Ndiye kuti kuboola ndi pamanja. Makina sangawathandize.

Achimwene anaimirira nthawi yaitali ndi chiboolero. Nsonga yake inkavina pachitsulo, n'kusiya kamzera koyera pautoto. Anatukwana pang'ono, anapepesa, anayesanso. Ndinati ndigwire ine, anati manja olembera nkhani akhale kutali.

Nesi anatulukira akuchokera kuntchito kwake kuchipatala, yunifolomu ili m'thupi. Ndinkaganiza kuti wadzera makatoni. Anaona choko, anaona kamzera kaja, anaika chikwama pansi. M'thumba anatulutsa masiki, osati aja a kuchipatala, koma olimba, a zingwe ziwiri, akadali m'pepala la kusitolo.

"Valani kaye."

"Anesi, ine ndi chinthu chimenecho..."

"Kompyuta ikhale ndi sefa, inu ayi? Valani, adadi. Tsiku lililonse. Ndikadzakupezani chili m'khosi, ndikunyamulani ndi mpando womwe."

Anawerama, iye n'kuwamanga kumbuyo kwa mutu. Kenako anagwira dzanja lawo pamkono ndi manja ake onse awiri, monga amachitira pofuna mtsempha. Nsonga inaima.

Bowo loyamba linatuluka loyera, lozungulira bwino. Achimwene analowetsamo chala, anayankhula zina m'masiki zomwe sindinamve. Nesi anaseka. Utuchi wa chitsulo unali utagwera pansapato zake zoyera, sanausase.

Makatoni akadali kuseri kwa chitseko. Palibe wawatchula. Pamene ndikulemba pano ali pa bowo lachiwiri.