Amuna anga asiya mapilitsi, akumwa mafuta ophikira

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Amuna anga ndi makaniko, ndipo chaka chatha anawapeza ndi matenda a shuga. Namwino anawauza kuti achepetse mafuta a nyama, azikonda a nsomba, mtedza, soya ndi mpendadzuwa. Bambowa anangotolapo mawu awiri: mafuta abwino.

Atafika kunyumba anati, "Mayi a ana, thupi ndi injini basi. Ukaithira oyilo wabwino sivuta." Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amamwa mafuta ophikira ndi supuni, kenako n'kudzigogoda pamimba, khutu lili tcheru. Otsala pokazinga salola kuti nditaye. Amawasefa ndi kansalu, n'kuwayang'ana padzuwa monga amachitira kugalaja, amvekere, "Awa akadali ndi ulendo."

Ndinkangoseka, Aphungu. Koma dzana pochapa ovolosi yawo ndinapeza mapilitsi awo a shuga m'thumba, osatsegula n'komwe. Akuti anasiya kalekale. Tsopano akudandaula kuti zala za kuphazi zachita dzanzi, komabe andilumbiritsa kuti ndisakauze namwino, ati ndiwachititsa manyazi. Ndili ndi mantha. Ndiulule kapena nditseke pakamwa?

Ine M.T., mkazi wa makaniko.

Mayi M.T.,

Ndaseka mpaka misozi, koma nditafika pa zalazo kuseka kwandithera. Ululani lero lomwe. Lumbiro lotere n'lofunika kuliphwanya.

Namwino sananame. Mafuta amenewa thupi silingadzipangire lokha, ndipo limawafunadi. Koma bambowo afotokozereni mwachigalaja. Mafuta a soya ndi mpendadzuwa amalowa m'thupi ngati zitsulo zosasula. Chiwindi ndicho chimawasula kuti mitsempha ndi maso zipindule nawo, ndipo pantchitoyi chimadalira insulini, timadzi ta m'thupi totsitsa shuga. Kwa wodwala shuga insuliniyo ndiye wavuta, choncho ntchito imayenda mokoka. Kuwonjezera masupuni ndi kuunjika zitsulo m'galaja yoti magetsi athima. Zotsalazo zimakakhala pamimba, ndipo mimba ikakula shuga amayamba makani, safuna kutsika.

Supuni ija ibwerere kukhitchini. Mafuta pang'ono m'ndiwo akwana. Nsomba izipezeka pafupipafupi, popeza mafuta ake amabwera osulasula. Okazingira kale tayani osayang'ana nkhope ya munthu. Mafuta amtunduwu sachedwa kuwonongeka akamatenthedwa mobwerezabwereza, ndipo kansalu ka bambo kamangogwira zinyenyeswa.

Mapilitsi aja asawamwe ochuluka kuti abwezere masiku otayika, ayi. Atengeni bambowo, mupite nawo limodzi kuchipatala, namwino akayeze shuga ndi kuona mapaziwo. Akanyinyirika auzeni kuti tsiku la sevisi lakwana. Makaniko amene amakalipira eni magalimoto ozemba sevisi sangazembe yake.

Koma chenjerani, mayi. Phazi ladzanzi likaponda msomali kugalajako mwini wake samva, ndipo chilonda cha wodwala shuga sichichedwa kunyeka. Akayambanso za manyazi, afunseni mofatsa kuti kumene amagula masipeya kuja, phazi la munthu amaliika pa shelefu iti.