Mapiritsi a Tulo Ali M'kabati

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti ine ndatopa mpaka m'mafupa.

Matenda a amayi oiwala aja akukulirakulira. Mukukumbuka kuti moyo wawo wonse ankalawirira kukaphika buledi, tulo osagona mokwanira. Bekare ija inatsekedwa kalekale, koma iwo amadzukabe, kuvala epuloni, n'kumafunafuna chitseko. Ine ndimagona khutu lili kukhomo, moti ngakhale tsiku limene iwo agona bwino, kwa ine tulo sitibwera.

Sabata yatha kutelala kwanga ndinasokerera mkono wa malaya chozondoka. Kenako kunalowa kasitomala wanga wakalekale, dzina lake n'kundithawa. Achimwene, ndinachita mantha, chifukwa amayi anayambanso chomwechi.

Ndinapita kuchipatala. Adokotala atandilembera mapiritsi a tulo, ndinawafunsa mosapita m'mbali kuti, "Kodi ndikamamwa amenewa, ndipulumuka ku matenda a amayi anga?"

"Ofufuza akadali mkati, mayi, sindingakulonjezeni," anatero. "Koma kusagonaku sikukuchitirani ubwino."

Ndinamwa limodzi, ndipo ndinagona tulo tofa nato, tokoma ngati ta mwana. M'mawa anandidzutsa ndi aneba, atawagwira amayi padzanja. Anawapeza pasiteji ya basi, opanda nsapato, akudandaula kuti achedwa kuntchito. Chiyambire tsiku limenelo mapiritsi aja angokhala m'kabati. Ndikamwa, amayi asochera. Ndikapanda kumwa, ndikuopa kuti tsiku lina wovala epuloni ndidzakhala ine.

Foni zanu za Lamlungu timazilandira, ndipo nthawi zonse mumati, "Limba mtima, mlongo wanga." Mtimawo walimba mpaka wauma. Sindikukudandaulani, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo amayiwa anatibereka tonse awiri. Pemphani tchuthi mubwere, mudzagoneko pafupi ndi chitseko chija, kapena mudzawatenge kwa kanthawi. Ine ndikungofuna kugona osamvetsera.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi ndawauza kuti ndikulembera inu, ndipo nkhope yawo yawala. Akutchulani dzina lanu lonse, akuti muzivala juzi popita kusukulu. Atatero, andifunsa mwaulemu kuti ine ndine mwana wa yani, ndipo ndiweruka nthawi yanji.

Ndine mlongo wanu,
amene akudikira yankho ali maso.