Ng'oma ya Abambo Muisokere m'Thumba

Cork, Ireland
14 Okutobala 2009

Okondedwa achemwali a Consolata,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko ku Matawale? Mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, ntchito yosamalira nkhalamba ikuyenda, koma mtima ndiye ayi.

Mukumukumbukira Medson wa ku Zakazaka, yemwe ndimakhala naye nyumba imodzi kuno? Pano watchuka. Kuno kuli anyamata anayi achizungu oimba nyimbo zaphokoso zamagitala zija amati roko. Chimbale chawo choyamba palibe anachigula. Chaka chatha mmodzi wa iwo, mdzukulu wa agogo ena amene ndimawasambitsa, anandimva ndikuimba tchopa pachidebe, nandipempha kuti ndikaimbe nawo pa chimbale chachiwiri. Ine ndinakana, poti kujambula kunali Lamulungu ndipo ndinali ndi udindo wowerenga mawu kutchalitchi. Ndinatumiza Medson. Achemwali, Medson ameneyu ndinamuphunzitsa ndine, masiku atatu okha, pachidebe chomwecho!

Chimbalecho chatuluka ndipo pa wailesi sakuchipumitsa. Anyuzi akuti ng'oma ya m'nyimbo yachinayi ndiyo yadzutsa gululo. Chithunzi cha Medson chili pachikuto, mano onse panja. Komatu kaimbidwe kameneko ndi ka malemu abambo athu, kamene ankandiphunzitsa tikatsika kuphiri ndi nkhuni. Dzina lawo palibe, langa palibe. Ndisabise, nsanje ikundipweteka. Chimbalecho ndinagula ndithu, ndipo ndimamvera m'basi misozi ili chuchuchu, kwina kusowa abambo, kwina kupsa mtima.

Tsopano gululi likufuna kuyendera mizinda ndi ng'oma yeniyeni yakwathu. Ndawauza kuti ng'oma ilipo, koma imalira m'manja mwanga basi. Avomera. Mwayi umenewu sindiutayanso.

Vuto ndi lakuti amene akubwera kumudzi mwezi wamawa, woti angainyamule, ndi Medson yemweyo. Ndiye pempho langa nali: ng'oma ya abambo ija mumupatse, koma muikulunge m'chitenje n'kuisokera m'thumba ndi ulusi wolimba. Chinanso, mwana wa m'tauni ameneyu sadziwa kuti ng'oma imayamba yawambidwa pamoto isanaimbidwe. Chonde wina asamuuze. Akaimasula panjira kuti akadzionetsere kwa azunguwo, ikangomulirira ngati chidebe chija.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume a Uledi, alamu anga ndi ana onse.

Ndine mchimwene wanu, mwini wake wa nyimbo yachinayi,
Luckson