Batire latupa, musalowe ndi fodya

Bambo a mapasa,

Mukafika musandifune, ndathamangira kuchipatala ndi amayi anu. Agwa m'bafa m'mawa uno, shuga wawo wakwera m'magazi. Mankhwala awo obaya aja aonongeka, chifukwa kafiriji kanazima kalekale ife osadziwa. Ndapisamo dzanja, m'kati mofunda ngati m'khwapa.

Ndi mawaya anu aja. Paja munachotsa kabokosi kapakati koteteza batire, mumvekere kakutibera magetsi, n'kulumikiza sola yapadenga ku batire popanda chotchinga. Nditafunsa munaseka, ati dzuwa silipsereza mwini wake. Lero batire latupa ngati chule, likununkha mazira oola, ndipo asidi wadya mkeka wonse.

Musalowe ndi fodya wanuyo. Tsekulani mawindo, mukwere padenga mufunditse solayo bulangeti, kenako mumasule mawaya. Pepani, bulangeti latsala ndi lanu lokha, linalo ndafunditsa amayi. Mapasa ali kwa aneba, sanadye.

Galimoto ikulira panja. Powakweza amayi amangoti, "Muitaneni mwana wanga wodziwa magetsi, adzandikonzere kafiriji." Ine sindinawauze kanthu. Za kabokosi mukawauza nokha.

Mkazi wanu