Za Moto Wosaoneka Umene Unatentha Manja a a Mawotchi

ZOKAMBIRANA ZA KOMITI YA KALABU YA OULUTSA TINDEGE

Tsiku: Loweruka, pa 14 Sepitembala
Malo: Chipinda cha kuseri kwa shopu ya a Telala

Amene analipo: Wapampando, Mlembi, a Telala (msungichuma), mayi Namwino, a Makaniko (amene amasakaniza mafuta a kalabu).
Mlendo: mayi a kunyumba kwa a Mawotchi, amenenso ndi mlongo wawo wa a Makaniko.
Amene sanabwere: a Mawotchi (wachiwiri kwa wapampando), akudwala; a Chipewa, sanapereke chifukwa.

1. Kutsegulira

Msonkhano unayamba mochedwa chifukwa a Telala anali ndi kasitomala wodzayesa suti. Mipando inaperewera, choncho Mlembi analembera pa tebulo lositirapo zovala ndipo a Makaniko anaima pakhomo. Wapampando anati pamene ankayambitsa kalabuyi ankafuna pokapumira Loweruka, koma masiku ano amabwerera kunyumba atatopa kuposa mmene amachokera kuntchito. Anapempha kuti anthu azilankhula mmodzimmodzi.

2. Za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga ndipo zinavomerezedwa. Mayi Namwino anapempha kuti zilembedwe kuti nkhani yogula chozimitsira moto yakhala ikuwerengedwa pa msonkhano uliwonse chiyambireni chaka, ndipo nthawi zonse imathera pa mawu akuti "tidzaona mwezi wamawa". Wapampando anati aliyense akudziwa zimenezo. Mayi Namwino anati akufunabe zilembedwe. Zalembedwa.

3. Ngozi ya pabwalo

Wapampando anafotokoza kuti Loweruka lapitalo, dzuwa lili paliwombo, a Makaniko ankathira mafuta m'kandege koseweretsa ka a Mawotchi. Kapaipi ka pampu kanavuka, mafuta anatayikira pa phiko, pa udzu ndi pa chisanza chopukutira. A Makaniko anapita kugalimoto kukatenga kapaipi kena. A Mawotchi anawerama natola chisanzacho ndi manja onse awiri kuti apukute phiko, osadziwa kuti chinali chikuyaka. Anayamba kudumpha uku akukupiza manja, koma panalibe amene anaona lawi kapena utsi. A Telala anati iwo anaseka, poganiza kuti mnzawoyo walumidwa ndi mavu. Anthu anazindikira ataona udzu ukuda wokha ndipo phiko likukwinyika. Moto anauzimitsa ndi dothi komanso jekete la Wapampando. Madzi amene analipo ndi akumwa a m'botolo limodzi.

Mayi Namwino, amene tsikulo anali kuntchito, anati mafuta a tindege si petulo. Mbali yake yaikulu ndi methanolo, sipiriti amene lawi lake silioneka padzuwa, ndipo zimenezi anazinenapo kale kangapo m'chipinda chomwechi. Anathokoza Wapampando chifukwa chokaniza a Chipewa kupaka mankhwala otsukira mano pa mabalawo.

Pa funso la chimene chinayatsa moto, a Telala anati anaona a Makaniko ali ndi ndudu kukamwa pamene ankathira mafuta. A Makaniko anati nduduyo inali yozima, amangoiluma mwachizolowezi, ndipo moto uyenera kuti unachokera ku mawaya a batire yoyatsira injini. A Telala anati sanaonepo ndudu yozima yotulutsa utsi m'mphuno. A Makaniko anati a Telala ayambe asiya kusunga mafuta m'botolo la zakumwa asanaloze anzawo chala. Mawu amene anatsatira apa Wapampando analamula kuti asalembedwe. Komiti sinagwirizane za gwero la moto.

4. Mawu a mlendo

Mayi a kunyumba kwa a Mawotchi anati bambowo anatuluka m'chipatala ndipo manja onse awiri ali m'mabandeji. Madokotala akuti dzanja lamanzere lipola bwino, koma za chala chachikulu ndi chamkombaphala chakumanja sanganeneretu. Shopu yokonzera mawotchi njotseka, ndipo eni mawotchi ayamba kudzagogoda kunyumba. Anati munthu amene amatola kasikuluu kochepa ngati kamchenga lero sangathe kugwira supuni kapena kumanga batani la malaya.

A Makaniko anayamba kubwereza za batire. Mlendo anawadula nati: "Achimwene, ndinakula nanu nyumba imodzi. Ndudu yanu ikazima ndimadziwa, ikayaka ndimadziwa. Koma sindinabwerere zimenezo."

Anati chimene wabwerera ndi zigubu za mafuta a kalabu zimene zimasungidwa kunyumba kwake, m'kachipinda kamene amasitiramo zovala, khoma limodzi ndi khitchini. Pamene zinkabwera anamuuza kuti ndi mafuta a nsatsi chabe, ndipo zaka zonsezi wakhala akuika simbi yotentha pambali pake. Anati akufuna zichoke lero lomwe, dzuwa lisanalowe.

5. Kosungira mafuta

Wapampando anafunsa amene angatenge zigubuzo. A Telala anati shopu yawo njodzaza nsalu, monga aliyense akuonera. Mayi Namwino anati amakhala m'nyumba yosanja ndipo pansi pawo pali mabanja ena. Mlembi anati amakhala m'chipinda chimodzi, chogona chomwecho, chophikira chomwecho. Wapampando anati akunyumba kwawo ananena kale kuti za kalabu zizithera pageti. A Makaniko anati zipite kugalaja kwawo, koma mayi Namwino anawakumbutsa kuti kumeneko amawotcherera zitsulo tsiku lililonse.

Mlendo anati wamva zifukwa zonse ndipo nzomveka, kungoti sankadziwa kuti nyumba yopanda chifukwa inali yake yokha. 

Kenaka Wapampando anapereka kabati yawo yachitsulo yakale kuti ikaikidwe m'shedi ya pabwalo, mmene muli mthunzi ndipo mumapita mphepo. Anatuluka kukaimbira foni mwini bwalo. Atabwerako anati mwini bwalo wavomera monyinyirika, koma wanena kuti kandege kasaulukenso pamalo pake mpaka ataona chozimitsira moto ndi maso ake. Komiti inagwirizana kuti a Telala akachigule Lolemba. Mayi Namwino anapempha kuti liwu lakuti Lolemba lilembedwe. Lalembedwa.

6. Malamulo a kagwiridwe ka mafuta

Mayi Namwino anatchula malamulo awa ndipo anavomerezedwa:

a) Mafuta azikhala m'chigubu chake cholembedwa, chotseka bwino, kutali ndi dzuwa ndi moto. M'botolo la zakumwa ayi, chifukwa munthu akamwa ngakhale pang'ono akhoza kuchita khungu kapena kufa. Wina akamwa, athamangire naye kuchipatala, osadikira kuti adwale. A Telala anati botolo lawo alitaya.

b) Pothira mafuta pasakhale ndudu, yoyaka kapena yozima, ndipo batire ikhale patali mpaka chigubu chitatsekedwa ndi kuchotsedwa.

c) Wothira avale magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Mafuta akagwera pakhungu asambe ndi sopo, akalowa m'maso atsuke ndi madzi ambiri.

d) Mafuta akatayika, onse abwerere m'mbuyo, pathiridwe mchenga, ndipo chisanza chonyowa chisatoledwe ndi manja mpaka zitadziwika kuti sichikuyaka.

e) Pabwalo pazikhala ndowa ya mchenga ndi chigubu chachikulu cha madzi. Wopsa athiridwe madzi ozizira kwa nthawi yaitali, asapakidwe kanthu kalikonse.

A Telala anafunsa amene azinyamula madziwo mlungu uliwonse. Nkhaniyi inatenga nthawi yaitali kuposa malamulo onse asanu. Wapampando anadzipereka kuti azinyamula okha.

7. Za a Makaniko

A Telala anapempha kuti a Makaniko aimitsidwe m'kalabu. Mayi Namwino anafunsa amene azisakaniza mafuta, popeza palibe wina wodziwa miyezo yake. Wapampando anati sakufuna kuvotetsa anthu pa nkhani imene komiti yalephera kugwirizana.

A Makaniko anati palibe chifukwa chovotera. Anatulutsa m'chikwama kapu yoyezera ndi pampu, naziika pa tebulo pamene Mlembi ankalembera. Anati sagwiranso mafuta a kalabu mpaka alamu awo atagwiranso sikuludiraiva ndi dzanja lawo lamanja. A Telala anafunsa kuti nanga dzanjalo likapanda kupola. A Makaniko anati ndiye kuti basi. Komiti inavomereza, ndipo inagwirizana kuti mafuta amene alipo akatha izigula osakaniza kale.

8. Zina ndi zina

Mlendo anati ali ndi uthenga wochokera kwa a Mawotchi, ndipo akuupereka chifukwa chakuti analonjeza, osati chifukwa akugwirizana nawo. Bambowo akupempha kuti kandege kawo kasatayidwe, akuti phiko likhoza kukutidwanso. Wapampando anati kali m'galimoto mwawo ndipo akasunga.

A Makaniko anapempha kulankhula ndi mlendo kudzera kwa Wapampando. Wapampando anati angolankhula, ndi mlongo wawo. A Makaniko anati chichitikireni ngozi sanapondeko kunyumbako, ndipo kuchipatala anathera pakhonde. Kenaka anafunsa kuti: "Achemwali, ndingabwere kudzawaona alamu?"

Mlendo anati: "Kuwaona ayi, aonedwa mokwanira. Ndevu zawakulira, ndipo ine lezala ndimaliopa. Mubwere mawa mudzawamete."

A Makaniko anafunsa nthawi. Mlendo anati m'mawa bambowo asanadye, ndipo a Makaniko ayambe asamba m'manja ndi sopo kwawo komweko.

Panalibenso nkhani ina.

9. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka, pa 12 Okutobala, pamalo omwewa, ngati a Telala sadzakhala ndi kasitomala.

10. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4 koloko madzulo, napempha mamembala onse kuti asabalalike, atsatire mlendo kunyumba kwake kukanyamula zigubu.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________