Kabotolo ka Mapiritsi

Lolemba, 9 Juni

Ndikulengeza kwa mtundu wonse wa Alabama, ndi mtima wosweka, kuti kabotolo kanga ka mapiritsi kasowa. Mapiritsiwo andisiyira pambale ngati mtedza.

Wakuba wapezeka: mwana wanga yemwe, Raylene. Akuti amakavala kuchala n'kumakatsetsereza pa nsambo za gitala. "Kagalasi kameneka kamalira bwino, adadi." Ndimayesa nkhani ili pa kuimba, osati kulira.

Lachiwiri, 10 Juni

Kwa Dokotala Pettway. Khutu lakumanja linapuma pantchito kalekale, lakumanzere nalo likulongedza katundu. "Phokoso lalikulu kamodzi kokha, Bambo Wendell, mwatseka sitolo." Andipatsa zotsekera m'makutu.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinakaona gulu la Raylene, Nguluwe Zoledzera, likuyeserera m'khola la Buford, wang'oma wawo. Magitala atatu! Ine ndakalambira ku yunivesite ndikuphunzitsa nyimbo, ndipo ndingalumbire kuti awiriwo ndi ongotha magetsi. Mawu a nyimbo zawo: galimoto yafa, mkazi wathawa, galu watsala. Kampani yowajambula palibe, malaya olembedwa dzina la gululo amagulitsa okha kumbuyo kwa galimoto.

"Apulofesa," anatero Buford, "phazi lanulo likutani?"

Kuyang'ana, likugunda pansi lokha. Sindinalitume.

Lachisanu, 13 Juni

Mawa masana aimba pa chionetsero cha ziweto, mkuja anyamuka ulendo wautali. Mkazi wanga Odessa: "Mwanayu wamuuza za khutulo?" Ayi. "Ndiye ukavale zotsekerazo, nkhalamba yamakani iwe."

Loweruka, 14 Juni

Dzuwa, fumbi, milamba yokazinga, mowa m'makapu apulasitiki. Azibambo andevu akulumpha ngati ana a ng'ombe. Ndinaima kutsogolo, mbali ya Raylene, komwenso kuli chimkuzamawu chachikulu ngati firiji. Zotsekera zili m'malo, zonse zikumveka ngati ndili pansi pa madzi.

Kenako anandiloza, n'kukweza chala chovala kabotolo. Pakamwa pake ndinawerenga mawu amodzi: adadi.

Ndinachotsa chakumanzere.

Sindikumvetsabe. Nyimboyo ndi yosavuta, wophunzira wa chaka choyamba angailembe podikira basi. Koma kagalasi kaja katatsetsereka, gitala inalira ngati mayi anga akutiitana kuchokera pakhonde, ng'oma zikundigunda m'nthiti. Ndinakuwa. Ine! Bambo wina wosamudziwa anandikumbatira n'kundithira mowa m'nsapato, ndipo ndinamuthokoza.

Lamlungu, 15 Juni

Anyamuka. M'khutu muli nkhululu yosatopa. Odessa sakundilankhula, kapena akundilankhula. Sindikudziwa.

Lachiwiri, 17 Juni

Nkhululu yachepa, koma yapita ndi mbalame za pakhonde ndi mluzu wa ketulo.

Raylene anaimba foni ali ku Tennessee. Analankhula nthawi yaitali, mosangalala, ndikuganiza. Ine: "Eya, eya, mwanawe." Kenako ndinampatsa Odessa foniyo, n'kukhala pambali ndikuyang'ana nkhope yake, kuti ndidziwe poyenera kuseka.