Chidindo pa Kabati ya Walter

Melbourne
9 Okutobala 1901

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira mpunga wacha bwino kumudziko, ndiponso mwendo wanu uja wasiya kuvuta. Kuno tili moyo, koma mtima uli m'mwamba. Ku Nyumba ya Malamulo akukangana za ife ngati tilibe makutu. Ena akuti ife Atchaina atitsekere poyera khomo lolowera m'dziko lino, ena akuti atitsekere mwaulemu. Woti lisatsekedwe ine sindinamumve. Choncho zoti mwana wanu Sing abwere kudzaphunzira ntchito ya matabwa, yambani mwadikira.

Pali zimene ndakhala ndikuzengereza kukuuzani. Mukudziwa lamulo la kuno loti mpando, tebulo, chilichonse chotuluka m'shopu ya Mtchaina chizidindidwa, kuti ogula azichipewa. Loweruka lililonse ndimadinda ndekha zomwe tamaliza, kunsi komwe wogula sasuzumira.

Mwana wanga Walter, amene inu mumamutcha Kwok Leung, wakwanitsa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anabadwira konkuno, nkhope anatengera malemu amayi ake a ku Ireland, ndipo pa ntchito wandisiya kutali. Mzungu wina wa fakitale yaikulu, Bambo Pennicott, anamuuza kuti apange kabati imodzi, akakhutira nayo amulemba ntchito. Iwo ankamudziwa ngati Walter Young wa kutchalitchi, osati mwana wa Mtchaina Yeung. Mwanayo analimbana nayo mwezi wathunthu, osalola munthu kuikhudza. Anandichonderera kuti iyi yokha ndisadinde, poti woipanga ndi mbadwa ya dziko lino. Ndinamukumbutsa kuti woyendera wa boma akatigwira atitsekera shopu, koma iye anakakamira. Ndinangogwedeza mutu movomera, iye n'kuikulunga m'masaka.

Lolemba anapita nayo pangolo. Amisiri a kufakitaleko atangotsegula chitseko cha kabatiyo, maso awo anagwera pachidindo. Akuti mmodzi anaseka n'kunena kuti, "Bwana, mwatibweretsera Mtchaina wometa! Iwe, mchira wa tsitsi uja mumaluka kumutu Atchaina wausiya kuti?" Onse anaika zida pansi, ati akalowa iyeyo iwo atuluka. Bambo Pennicott anangomuthandiza kuikwezanso pangolo.

Atabwerako ndinamuuza kuti dzanja linangozolowera, ndinaidindira limodzi ndi zinazo osazindikira.

"Bambo, inu mumadinda kunsi," anatero. "Ichi chili kuseri kwa chitseko, pamene aliyense amayambira kuona. Ndipo masaka munawamasula n'kuwamanganso."

Achimwene, kwa inu sindinganame, ndinachita dala. Ndinkaopa kuti akalowa kumeneko dzina la Young limukomera, tsiku lina adzandidutsa pamsewu ali ndi anzake ngati sandidziwa. Ndinati bola amukane iwo, abwerere kwa ine. Ndikuchita manyazi, chifukwa lamulo lomwe ndalitukwana zaka zisanu ndi limene ndamenyera mwana wanga.

Wachoka dzulo. Ena akuti wakwera sitima ya ku Sydney, koma sanatsanzike, ndipo zida zonse zomwe ndinamupatsa wazisiya.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mukapita kukasesa kumanda a bambo, muwauze kuti mdzukulu wawo ndi mmisiri weniweni, zinazi musawauze. Poyankha kalatayi musavutike kulemba moni wa Kwok Leung monga mwa masiku onse. Palibe woti ndimuwerengere.

Ndine mng'ono wanu,
Yeung Tong Hoy